Kubwerera kwa makolo ndi khanda kumbuyo: mafunso ndi mayankho

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa sitolo ina ya zitsulo ku Limbe kwa zaka 6. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, lendi inakwera, mtsikana amene ankatilerera mwana anapita kwawo, ine ndili ndi pakati pachiwiri. Nditachira, tinakhala pansi ndi bambo a kunyumba n'kugwirizana kuti ndisiye ntchito, ndibwere ndi ana kwathu kuno ku Mulanje, chakufupi ndi Chitakale, komwe kuli amayi ndi achemwali anga. Bambowo anatsala ku Blantyre ndipo amabwera Lachisanu madzulo. Chibwerereni kuno, anzanga a kuntchito ndi amayi ena a ku Mvano akhala akundifunsa zinthu zofananafanana, ena pamaso, ena pa WhatsApp usiku ana atagona. Ndayankha monga momwe ndaonera ndi maso angawa.

Kodi n'zoona kuti ukakhala pafupi ndi abale kulera kumapepuka?

N'zoona, ndipo sindikufuna kuchepetsa zimenezi. Ku Limbe mwana akatentha thupi usiku ndinkakhala ndekha ndi tochi ya pa foni, bambo ali ku shifiti. Kuno ndimangogogoda pawindo la amayi, ndisanamalize n'kuyankhula komwe ali kale panja atafunda chitenje. Pali wogwira mwana ukamasamba. Pali wokupitira kuchigayo. Tsiku lina malungo atandigwetsa, achemwali anatenga wamkuluyo masiku atatu, anabwera naye atameta, atasamba, atanenepa.

Koma manja amene akukuthandizawo amabwera ndi maso komanso pakamwa. M'tauni ukatseka chitseko watseka. Kuno chitseko chotseka dzuwa lili paliwombo chimafunsitsa: "Kodi mwadwala? Kapena tinakulakwirani?" Ndiwo zomwe waphika zimadziwika, ola limene wadzuka limadziwika, ndipo mwana akalira kanthawi, anganga afika kale kudzafunsa chimene wamuchita. Chimene chinandilemera kwambiri si ntchito ayi. Ndinachoka pano ndili mtsikana wa Fomu 4, ndinabwerera ndili mayi wa ana awiri amene wakhala akudzilipirira nyumba, koma m'maso mwa amayi ndinali mwana yemwe uja. Zinatitengera miyezi kuti tizolowerane mwatsopano, ngati akuluakulu awiri.

Ndinazolowera kudzuka, kuvala, kupita kuntchito. Tsiku la pakhomo ndilitha bwanji?

Musaope kuti musowa chochita. Madzi, moto, matewera, phala, kusesa, kudimba, tsiku lathapo. Chimene chimasowa ndi china: kuntchito ukaweruka umadziwa kuti lero ndamaliza, mwezi ukatha pali cholowa m'thumba. Pakhomo mbale zomwe watsuka m'mawa ndi zomwezo ukutsuka madzulo, ndipo palibe amene amakulembera kuti wagwira.

Ine chinandithandiza n'kudziikira ndekha malire a tsiku. Ndimasamba ndi kuvala bwino m'mawa ngakhale ndisakupita kulikonse. Ndimachapa m'mawa kwambiri, chifukwa kuno kunsi kwa phiri mitambo siichedwa kusonkhana. Mwana akagona masana, ola limenelo ndi langa: sindisesa, sinditsuka, ndimawerenga kapena kulemba maakaunti a gulu lathu la banki mkhonde. Poyamba achemwali ankandiyang'ana modabwa, mkazi wathanzi kukhala pamkeka ndi buku dzuwa likuswa mtengo. Pano akadutsa pa ola limenelo amangoti, "Tikupezani mukamaliza."

Amayi akuti mkaka wanga sukukwana, ndiyambe kumupatsa madzi ndi phala. Mwana ali ndi miyezi itatu. Nditani?

Apa ndiye pamene sindigonja, ndipo nanunso musagonje. Malangizo a zaumoyo ndi oti mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6 yoyambirira, popanda madzi, phala, tiyi kapena mankhwala a zitsamba. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira ngakhale m'chilimwe cha Okutobala. Madzi a pachitsime ndi phala lamadzimadzi zimadzaza kamimba popanda chakudya chenicheni, zimabweretsa kutsegula m'mimba, ndipo mwana akachepetsa kuyamwa mkakanso umachepa, ndiye zimaoneka ngati anganga ananena zoona.

Nkhani ndi kakanidwe kake. Ndinalakwitsa poyamba: ndinayankha amayi kuti "zimenezo n'zachikale," ndipo anakhala masiku awiri osaponda pakhomo panga. Analera ana 7, asanu tili moyo, ndiye mawu amenewo anawalasa pamalo amene ine sindinaganizire. Chimene chinakonza zinthu n'choti tsiku la sikelo ndinawapempha kuti andiperekeze. Anaona okha mwana akuikidwa pasikelo, mlangizi wa zaumoyo akulemba kadontho m'buku, mzere ukukwera. Mlangiziyo anawatcha "agogo" mwaulemu, nawauza kuti ntchito yawo yaikulu ndi kuonetsetsa kuti ine ndikudya ndi kumwa mokwanira. Kuyambira tsiku limenelo thobwa silinasowe m'nyumba mwanga, ndipo anali amayi omwewo amene ankabweza azakhali akabwera ndi kasupuni ka phala.

Miyezi 6 itakwana, luso lawo linaposa langa. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, tsiku lina dzira, tsiku lina masamba a chisoso osinja bwino, tsiku lina mapeyala. Za magulu 6 a zakudya ine ndinkazidziwa pa pepala, iwo ankadziwa pomwe chilichonse chimamera.

Nanga za liwombo, mkanda wa m'chiuno, kuthira mchere ndi zina zotere?

Ndimazigawa pawiri: zimene zimalowa m'thupi la mwana kapena kuchedwetsa chipatala, ndi zimene sizitero.

Kukhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa sindinakane, ndipo kunandipumitsa. Masiku amene anandiletsa kuthira mchere m'ndiwo ndinkangoitana mwana wa achemwali kudzathira, palibe chinandichokera. Kamkanda ka m'chiuno ndinakalola, bola kakhale kosathina ndipo kazitsukidwa. Koma pamchombo sindinalole kupakapo chilichonse chimene sanandipatse kuchipatala. Ndipo liwombo likalowa m'kati, makamaka mwana akutsegula m'mimba kapena kusanza, chimenecho ndi chizindikiro choti madzi atha m'thupi. Si nthawi yofunafuna wodziwa mankhwala a liwombo. Pitirizani kuyamwitsa, mupatseni Thanzi ORS, nyamukani kupita kuchipatala. Ena adzati ndi tsempho, adzayamba kufunsa amene walakwa pakhomo. Mafunso amenewo angadikire mpaka mutabwerako.

Buku la mwana la kuchipatala muzisunga nokha. Katemera amaperekedwa pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, kenako wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Mukasamuka, pitani nalo bukulo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu latsopano sabata yoyamba yomweyo, akuuzeni tsiku ndi malo a sikelo, kuti ndondomeko isaduke chifukwa cha msamuko.

Ndinali ndi malipiro anga. Tsopano ngakhale sopo ndiyenera kupempha. Zimenezi zimazolowereka?

Kwa ine sizinazolowereke, ndipo ndikuona kuti siziyenera kuzolowereka. Mwezi woyamba ndinkaimba foni pa chilichonse: mchere, makala, mayunitsi. Bambo sankakana, koma mawu oti "zija zatha kale?" ankandiwawa tsiku lonse. Tinakhala pansi Loweruka lina, ndinatulutsa kope, tinalemba zonse zimene nyumba imadya pamwezi. Tinalembanso zimene tinasiya kulipira chifukwa ndili kuno: lendi ya nyumba yaikulu, wolera ana, minibasi yanga ya tsiku ndi tsiku. Ataona okha kuti kukhala kwanga pakhomo kukusunga ndalama zochuluka bwanji, tinagwirizana kuti azitumiza ndalama ya mwezi wonse kamodzi pa Airtel Money, ndipo m'menemo muli kagawo kanga komwe sindifotokozera munthu.

Kenako ndinalowa banki mkhonde. Poti ndinali kalaliki, anandisankha kukhala mlembi. Ngongole yanga yoyamba ndinagulira nandolo nthawi yokolola n'kusunga, yachiwiri ndinayamba kuphika zitumbuwa ndi mandasi, mwana wa achemwali n'kumakagulitsa kwa anthu othyola tiyi akamaweruka. Ena pagulu lathu amapikula zinanazi n'kumatumiza ku Limbe, ena amatenga zitenje ku Limbuli. Chenjezo langa n'limodzi: musatenge ngongole ya gulu kuti mugulire chakudya kapena kubwezera ngongole ina. Ndaona mayi akulandidwa mbuzi ndi ziwiya pamaso pa apongozi ake, ndipo sindifuna kuonanso.

Abale akuganiza kuti poti ndachokera m'tauni ndili ndi ndalama. Ndikane bwanji osadana nawo?

Funso ili limabwera kwa aliyense. Ukangotsitsa katundu, sofa ndi firiji zikulowa m'nyumba anthu akuona, mawa lake wina akufuna fizi, wina feteleza, wina ya kabaza wopita kuchipatala. Ndipo ambiri sakunama, mavutowo ndi enieni. Malo kuno ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje lokha, nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi wa maesiteti, ndiye kamunda ka banja sikadyetsa chaka chonse.

Chibale ndi fupa, sichiola, koma thumba limaboola. Ine ndinapita kwa amalume, omwe ndi mwinimbumba wathu, ndinawafotokozera poyera kuti ntchito ndinasiya, tikudya malipiro a munthu mmodzi. Ndinawauza zimene tingathe: matenda ndi maliro tidzathandiza nthawi zonse, feteleza wa amayi ndi wathu, zina sitingathe. Mawu akachokera kwa amalume amamveka mosiyana ndi akachokera kwa iwe. Ndipo pamene ndilibe ndalama ndimapereka zimene ndili nazo: kulemba kalata, kuwerengera munthu za kuchipatala, kuthandiza ana a Sitandade 8 masamu madzulo.

Bambo akunyinyirika kuti kwathu ndi akamwini chabe. Akukana kumanga nyumba ya njerwa zootcha pa malo a amayi anga.

Musawaone ngati ouma mtima. Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja malo amayenda kuchikazi, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mwamuna aliyense anamvapo za mnzake amene anamanga nyumba ya malata kuchikamwini, banja litatha n'kuchoka ndi chikwama chokha. Mantha amenewo ali ndi pochokera.

Bambo a kwathu amabwera atatopa Lachisanu, ndipo poyamba ankapeza pakhomo podzaza: alamu awo, ana a achemwali, amayi akulongosola za sabata yonse. Mwana akalakwa, asanatsegule pakamwa, amalume ayankha kale. Anayamba kubwera Loweruka, kenako kudumphitsa sabata. Ndinazindikira mochedwa kuti munthu akudzimva mlendo pakhomo pomwe akudyetsa. Ndinapempha amayi kuti Lachisanu madzulo ndi Loweruka m'mawa atisiye tokha, ndipo za sukulu ndi chilango cha ana ndimayankha aliyense kuti, "Ndiyambe ndamva kwa bambo ake." Za nyumba tinamvana kuti pano tikonze yomwe ilipo, koma tisunge ndalama yogulira puloti yathuyathu chakufupi ndi Boma, mapepala ake alembedwe mayina a tonse awiri. Nkhani zotere muziitanira ankhoswe a mbali zonse ziwiri zisanafike poipa.

Ine ndi wosiyana: tasamukira kwa apongozi ku Thyolo, kuchitengwa. Malangizo ndi omwewa?

Ambiri ndi omwewo, koma inu muli ndi katundu wina: kwa eni kulibe mkuwe. Amayi ako ukhoza kukangana nawo m'mawa, madzulo mukudyera mbale imodzi. Apongozi mawu amodzi amasungidwa chaka. Choyamba, pemphani khitchini yanuyanu, ngakhale kakhale kachisakasa ka mafuwa atatu. Mikangano yambiri ya mkazi ndi apongozi imayambira pa ufa, mafuta ndi amene watenga nyama yaikulu. Chachiwiri, nkhani zovuta zizidutsa mwa mwana wawo, amuna anuwo, osati inu. Chachitatu, musaduke kwanu. Foni kwa amayi anu, ulendo pakapita miyezi ingapo, ndipo ankhoswe anu adziwe pomwe mukukhala.

Ngati zafika pomenyedwa, kulandidwa ndalama kapena kutsekeredwa, imeneyo si nkhani yopirira. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006.

Anthu akuti "sukulu yonse ija n'kudzathera kuchapa matewera." Ndiwayankhe chiyani?

Ena sindiwayankha. Amene ndimawayankha ndimawauza kuti sukulu ija ndi imene ikuwerenga mlingo wa mankhwala a mwana, ndi imene ikusunga mabuku a gulu la amayi 22 osasowa tambala. Koma ndinene zoona, mawuwo amawawa chifukwa nthawi zina iwe mwini umadzifunsa zomwezo, makamaka ukaona pa Facebook anzako akwezedwa pantchito. Kumva choncho si kusayamika, ndipo sikutanthauza kuti ana ako suwakonda.

Ndazunguliridwa ndi abale koma ndikusungulumwa, nthawi zina ndimangolira. Ndili bwinobwino?

Izi zinandichitikira m'miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julayi. Kamvula kosalekeza, phiri losaoneka masiku anayi, matewera atapachikidwa m'nyumba monse osauma, utsi wa mbaula, mwana akutsokomola. Ndinkakhala pakhonde ndikuyamwitsa, misozi ikungotsika, amayi n'kumati, "Ukulira chiyani, chikusowa n'chiyani pano?" Ndipo ndinalibe yankho, chifukwa chosowa panalibe. Abale amakudziwa kuyambira uli wakhanda, koma sadziwa munthu amene unakhala uli kutali. Nkhani zomwe unkaseka ndi anzako pa nkhomaliro kuno zilibe womvera.

Kulira ndi kukhumudwa masiku oyamba utangochira kumachitikira amayi ambiri ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Koma zikapitirira pamenepo, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, chakudya osachifuna, mwana osamukondwerera, kapena maganizo odzipweteka kaya kupweteka mwanayo akubwera, amenewo ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi akabereka, ndipo ali ndi chithandizo. Si ufiti, si ulesi, si kuchepa kwa pemphero. Uzani namwino kusikelo, kapena pitani ku chipatala cha boma ku Mulanje kaya ku Thyolo, kapena cha mishoni ngati Mulanje Mission ndi Malamulo. Maganizo odzipweteka akabwera, musadikire tsiku la sikelo, uzani munthu lero lomwelo.

Ine chinandidzutsa ndi namwino amene anandifunsa, atamaliza kuyeza mwana, kuti, "Nanga inuyo amayi, muli bwanji?" Kenako ndinapeza mnzanga pamzere wa sikelo womwewo, nayenso anabwera kuchokera ku Zomba. Si m'bale wanga, ndipo n'chifukwa chake ndimatha kumuuza zimene sindingauze achemwali. Lachiwiri lililonse timayenda limodzi kumsika, ana kumbuyo.

Pali zina za kuno zimene munthu wochokera m'tauni ayenera kukonzekera?

Zovala zotentha za ana, zambiri kuposa momwe mukuganizira, ndi matewera okwanira masiku atatu osauma. Mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka, utsi wake umapha mwakachetechete. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, chingakhale chibayo, thamangani. Neti ya udzudzu chaka chonse. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini, makamaka m'dzinja. Sungani nambala za akabaza awiri odalirika amene angadzuke usiku, ndi ndalama yawo pamalo amene simuigwira.

Ndipo yang'anani pomwe nyumba yaima. Amene anali kuno mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa napolo m'phiri, sayiwala mkokomo wa miyala usiku. Ngati malo amene akupatsani ali m'mphepete mwa mtsinje kapena m'khwawa, funsani akuluakulu pomwe madzi anafika chaka chimenecho musanaike njerwa.

Maliro, zinkhoswe, misonkhano ya mpingo: ndiyenera kupezeka ponse ndi mwana wakhanda?

Pa maliro a m'mudzi pitani, ngakhale kwa ola limodzi, mukapepese, mutunge ndowa imodzi ya madzi. Anthu amakumbukira amene anabwera. Kugona kusiwa ndi khanda palibe amene angakukakamizeni. Zinazo sankhani. Poti "simugwira ntchito," mudzapezeka mwaikidwa m'komiti iliyonse. Ine ndinavomera ziwiri, zina ndinapepesa.

Wamkulu ali ndi zaka 3. Ndimusiye azisewera kwa anganga kapena apite ku sukulu ya mkaka?

Zonse ziwiri. M'midzi yambiri muli sukulu za mmera mpoyamba zoyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi momwemo, zina zimaphikira ana phala. Kaoneni nokha chimbudzi, madzi ndi momwe alezi akuyankhulira ndi ana. Masana akhale kwa anganga. Wanga anabwera kuno akudziwa nyimbo za pa TV zokha, pano amatchula mayina a ndiwo zakutchire ndipo amalonjera agogo ake aakulu m'Chilhomwe, chimene ine mayi wake ndinachitaya.

Ndisanasiye ntchito, pali chimene ndiyenera kuchita?

Musalembe kalata yosiya ntchito muli ndi pakati potopa kapena sabata yoyamba mutachira. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kusintha kwa lamuloli mu 2021 kunapatsanso abambo masabata awiri. Tengani tchuthi chanucho, kakhaleni kumudziko masabata angapo ngati kuyesa, muone ngati mungathe. Mukatsimikiza, tsanzikani bwino, tengani kalata ya umboni wa ntchito, funsani za penshoni yanu ndipo sungani nambala yake. Akaunti ya kubanki musatseke. Masatifiketi aikeni m'pulasitiki, chinyontho cha kuno chimadya mapepala.

Inuyo mudzabwereranso kuntchito?

Ndikufuna, wamng'onoyu akadzasiya kuyamwa n'kuyamba sukulu ya mkaka. Kubwerera ku Limbe sindikuganiza. Ndayamba kufunsafunsa m'masitolo a pa Chitakale ndi pa Boma ngati angafune wowalembera mabuku masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndipo mmodzi wandiuza kuti ndidzapite mwezi wa mawa ndi masatifiketi. Ndinawauza amayi tikusenda chinangwa pakhonde. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa masiku ake, kuti asinthane ndi achemwali tsiku lopita kudimba.